Tinakulira m'mabwinja: mafunso ndi mayankho a ubwana wa ku Milange nkhondo itatha

Mtsinje wa Muloza ndinauwoloka koyamba ndili kumsana kwa mayi anga, m'chaka cha 1986, ndipo za ulendo umenewo palibe chimene ndimakumbuka. Umene ndimaukumbuka bwino ndi wobwerera, m'chilimwe cha 1993, ndili ndi zaka 8, nditasenza ndowa momwe munali mbale, mthiko ndi kathumba ka mbewu ya nandolo. Kutsogolo kwathu kunali phiri la Tumbine. Mayi analoza ndi chala n'kunena kuti, "Kwanu ndi uko." Ine ndinadabwa, poti kwathu kumene ndinkakudziwa kunali kumsasa wa othawa nkhondo, mbali ya Mulanje.

Ana a mlongo wanga, amene akula msewu wa ku Mocuba uli ndi phula, amandifunsa za masiku amenewo tikakhala pakhonde madzulo. Anzanga a kutsidya, a ku Limbuli ndi ku Mulanje, nawonso ali ndi mafunso awo. Ndawasonkhanitsa pano, ndipo ndayankha monga ndinaonera ndi maso anga komanso monga akulu anandiuzira.

Amalume, mukamati "nkhondo itatha", mukunena nkhondo iti?

Mwafunsa bwino, chifukwa agogo anu anaona nkhondo ziwiri. Yoyamba inali yomenyera ufulu, ya Frelimo ndi Apwitikizi, imene inayamba mu 1964 n'kutha mu 1974, dziko n'kulandira ufulu pa 25 Juni 1975. Imene ndikunena ine ndi yachiwiri, yapachiweniweni, ya boma la Frelimo ndi Renamo, imene anthu amangoti nkhondo ya zaka 16. Kumudzi dzina loti Renamo silinkamveka kawirikawiri. Anthu ankati Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa.

Ku Milange moto unabuka msanga kusiyana ndi madera ambiri a Zambezia. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunali kale kagulu ka mfuti kotchedwa PRM, kamene kankazungulira m'malire muno, ndipo mu 1982 kanaphatikana ndi Renamo. Mmodzi wa akuluakulu ake anali Gimo Phiri, ndipo mfunda wokhawo ukukuuzani kuti omenyanawo anali anthu a kwathu konkuno, olankhula ngati ife. Mu 1986 Renamo inalanda tawuni ya Milange n'kukhalamo mpaka 1988, pamene asilikali a boma anaitenganso. Mu Sepitembala 1986 momwemo Samora Machel anapita ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kukadzudzula Kamuzu Banda, pomuganizira kuti akulekerera Renamo kudutsa m'dziko lake. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mayi anga za misonkhano ya atsogoleriyo sankazidziwa. Ankangodziwa kuti mfuti zayandikira ndipo mtsinje suli patali.

Pofika 1992 m'Malawi munali othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Mbali ya Mulanje kunali misasa monga ya Muloza ndi ya Chiringa, kumene lero ndi boma la Phalombe, koma ambiri sanalowe n'komwe mumsasa. Anangokakhala kwa abale, poti malire amenewa anadutsa pakati pa mabanja amodzimodzi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Ubwana umene ndikufotokozawu ukuyambira pamenepo.

Mutabwerera munapeza chiyani?

Tinapeza mitengo ya mango. Ndi imene inkauza anthu pamene panali pakhomo pawo. Nyumba za udzu zinali zitapsa kapena kudyedwa ndi chiswe, tchire litameza mabwalo, koma mango ndi manda zinali pomwepo. Agogo anu aakazi anazindikira malo a mayi awo, kumapeto kwa tawuni, chifukwa cha mtengo wopindika umene ankamangirirapo mbuzi ali mtsikana. Anaugwira ndi manja awiri n'kukhala pansi, ndipo kwa nthawi yaitali sanalankhule.

M'kati mwa vila, monga timaitchulira tawuniyo, nyumba za njerwa za nthawi ya Apwitikizi zinangoima zopanda denga. Malata, zitseko, mafelemu a mawindo, mawaya a magetsi, ngakhale mipope, zonse zinali zitazulidwa, ndipo akulu ankanena poyera kuti zambiri zinakasinthanitsidwa ndi mchere ndi sopo kutsidya. Makoma anali ndi zipsera za zipolopolo ngati nkhope ya munthu amene anadwalapo nthomba. M'munsi mwa Tumbine, minda ya tiyi imene inkalemba ntchito anthu ambiri kuyambira nthawi ya Chá Oriental mpaka ya kampani ya boma ya Emochá inali itasanduka nkhalango. Inu amene munazolowera tiyi wa ku Mulanje, wometedwa bwino wolekeza m'chiuno, mwina simudziwa kuti tiyi akasiyidwa amakula n'kukhala mtengo wopitirira denga la nyumba. Ife tinkatolamo nkhuni.

Ambiri sitinadikire malole a UNHCR, bungwe loona za othawa nkhondo. Abambo ankatsogola okha kukaswa mphanje ndi kumanga chisakasa, banja likadali kutsidya kulandira ufa wa pakhadi. Akakolola koyamba m'pamene ankabwera kudzatenga ana. Imeneyo inali nzeru ya anthu amene anali asanaukhulupirire mtendere. M'dziko lonse, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kuchokera kumayiko oyandikana nalo pakati pa 1992 ndi 1995, ndipo ochuluka anachokera ku Malawi. Mabungwe ankagawa makasu, mbewu ndi malona. Denga lathu loyamba linali lona lofoleredwa udzu pamwamba, ndipo mvula ikamagwa tinkagona tikumvetsera pamene pakudontha.

Ndiye ana munkasewera kuti, ndipo munkasewera chiyani?

M'mabwinja momwemo. Munthu wamkulu akaona nyumba yopanda denga ankakumbukira zimene anataya, koma ife tinkaona bwalo lokhala ndi zipinda zambiri. Chibisalirano cha m'nyumba zimenezo chinali chosatha: wina kuseri kwa kauntala ya kantina yakale, wina m'bafa la simenti momwe munamera therere, wina pamwamba pa khoma atagona chafufumimba ngati buluzi. Atsikana ankachita masanje m'khitchini ya mwini sitolo amene anachoka kalekale, akuphika masamba a chinangwa m'zitini, kenako n'kutuluka kukasewera phada ndi fulaye pa simenti ya khonde, poti pamenepo m'pamene panali posalala m'bayiro monse, monga timalitchulira dera lathu lokhalamo.

Chilichonse chimene thandizo linabweretsa chinkathera m'manja mwathu. Mapepala a pulasitiki ankasanduka mpira wa chikulunga. Zitini za mafuta ophikira amayi ankapangira koloboyi, zotsala ife n'kuzidula kukhala mabodi a galimoto. Galimoto za mawaya za nthawi imeneyo zikusimba mbiri yake pazokha. Palibe mwana ankapanga basi kapena thirakitala, chifukwa sitinkaziona. Tonse tinkapanga galimoto zoyera za mlongoti wautali, ngati za ONUMOZ, gulu la United Nations limene linayang'anira mtendere kuyambira kumapeto kwa 1992 mpaka kumapeto kwa 1994, ndi za mabungwe othandiza. Tinkazipaka dothi loyera n'kulembapo zilembo ziwiri ndi khala. Zigoba za zipolopolo tinkazitola m'munda khasu likazifukula, n'kumaziimba ngati wezulo.

Tinkaseweranso nkhondo, sindibisa. Mfuti zinali za mapesi ndi za mtengo wa chinangwa, ndipo mkangano waukulu unkakhala woti ndani akhale Frelimo, ndani akhale Matsanga. Tsiku lina tikuthamangitsana kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire, pakamwa pathu pakulira ngati mfuti, mayiyo anatuluka, natenga phesi langa, nalithyola pabondo, nakaliponya pamoto pamene ankaphika. Sanakalipe, sanatchule liwu ndi limodzi lomwe. Madzulo mayi anga anandiuza kuti ana awiri a mayi uja anatengedwa usiku umodzi ndipo sanabwerere. Kuyambira tsiku limenelo masewero amenewo tinkakachitira kudambo, ndipo posapita nthawi anatitopetsa.

Kenako kunabwera kanema. Munthu wina amene anagula vidiyo ndi jenereta ku Limbe anamanga chisakasa cha mphasa, ndipo tinkalipira kandalama kakwacha kukaonera Rambo ndi Chuck Norris. Kumbuyo kunkakhala anyamata amene anali atangotula mfuti. Ife tikamakuwa ndi chisangalalo iwo ankangokhala chete, ndipo wina anandiuzapo kuti, "Mwana iwe, mfuti yeniyeni ikalira sumva nyimbo."

Simunkaopa mabomba okwirira?

Tinkaopa, ndipo lamulo loyamba limene mwana aliyense ankalidziwa asanadziwe kuwerenga linali lakuti yenda pamene payenda anthu. Njira yachidule inali yoletsedwa. Mtengo wa mango wobala bwino umene palibe akuthyola unkatanthauza kuti pali chifukwa. Kusaka mbewa, kumene ana a ku Malawi amachita akangoweruka kusukulu, ife tinkachita m'minda yolimidwa kale yokha. Mabombawo, amene tinkawatchula kuti mamina, ankakwiriridwa mozungulira misasa ya asilikali, pamilatho, pazitsime, m'njira, ndiponso pamithunzi pamene munthu wotopa angafune kupuma. Anaikwirira ndi mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri mwa oikwirirawo anali atafa kapena kuiwala malo ake.

Mawu oyamba a Chipwitikizi amene ambiri a ife tinawerenga anali a pachikwangwani chofiira chokhala ndi chigaza: Perigo Minas. Bungwe la HALO Trust linayamba kuchotsa mabomba ku Zambezia mu 1994. Tinkaima patali kuonerera anthu ovala zophimba kumaso atagwada, akufufuza nthaka pang'onopang'ono ndi chida cholira chikamva chitsulo, kanjira kotalika mita imodzi m'lifupi, tsiku lonse. Ntchitoyo m'zigawo zinayi za kumpoto, kuphatikizapo Zambezia, inatha mu 2007, ndipo boma linalengeza mu Sepitembala 2015 kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yachotsedwa m'dziko. Werengani zakazo: mwana amene anabadwa tsiku la pangano la ku Rome anali ndi zaka pafupifupi 23 pamene nthaka ya dziko lake inayeretsedwa. Pamsika panali abambo oyenda ndi ndodo, osoka nsapato ndi okonza mawailesi, ndipo ena mwa iwo anaduka mwendo mtendere utabwera kale, akuswa mphanje.

Mfuti nazo sizinathe tsiku limodzi. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'Mozambique, motsogozedwa ndi bishopu wa Anglican, Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosandutsa mfuti kukhala makasu. Munthu akapereka mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata, popanda kufunsidwa kumene anaitenga. Nzeru imeneyo ndimailemekezabe mpaka lero.

Achimwene, bwanji inu a ku Milange mumalankhula Chichewa ngati ife, ndipo bwanji munkawerengera ndalama m'makwacha?

Funso ili limachokera kwa anzanga a kutsidya, ndipo yankho lake loyamba lili m'maina: Milange ndi Mulanje ndi dzina limodzi, lolembedwa ndi azungu a mitundu iwiri. Malire anaikidwa ndi pangano la Britain ndi Portugal la 1891, anthu ali kale mbali zonse ziwiri, akulankhula Chinyanja, Chilomwe ndi Chimarenje. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alomwe ambiri anawoloka kulowa ku Nyasaland pothawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, n'kukagwa m'thangata wa m'maesiteti. Choncho pamene ife tinkathawa mu 1986 tinkatsata njira imene agogo a anthu ambiri a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe anadutsamo kale.

Nkhondo itatha, dziko lathu lomwe linali kutali ndi ife. Ku Mocuba ndi mtunda wosakwana makilomita 200, koma msewu unali wa dothi, milatho yothyoka, ndipo nthawi ya dzinja galimoto inkatha kugona panjira. Quelimane ankangomveka dzina. Blantyre anali pafupi kuposa likulu la chigawo chathu. Mchere, shuga, sopo, palafini, zonse zinkachokera ku Limbuli. Mwana akadwala malungo ankaberekedwa kupita kuchipatala cha kutsidya. Wailesi imene inkamveka bwino inali MBC, moti tinakula tikumvera Alan Namoko, Paul Banda ndi Lucius Banda, tikukangana za Bullets ndi Wanderers. Ngakhale magetsi atafika m'tawuni anali ochokera ku Escom. Ndalama yathu, metikali, inali ndi maziro ambirimbiri, anthu akuwerengera m'makonto, mpaka 2006 pamene boma linachotsa maziro atatu. Amayi a pamsika ankaona kwacha kukhala yosavuta. Zovala zogulitsa pamulu zinali ndi maina awiri: kaunjika kwa amene anakhala ku Malawi, kalamidadi kwa amene anatsala, potengera dzina la nthambi ya boma imene inkagawa thandizo pa nthawi ya masoka.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ndimafuna kuti anzanga a kutsidya aziikumbukira. Nthaka ya Milange inagona zaka zambiri osalimidwa, ndipo anthu atabwerera inabereka popanda feteleza. Chimanga, nandolo ndi nyemba zinayamba kuwoloka kupita ku Malawi panjinga, matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50 panjinga imodzi, mzere wosaduka kuyambira mbandakucha. Anyamata tinkapeza ndalama ya zitumbuwa pothandiza kukankha njingazo pachitunda. Njinga inali chizindikiro choyamba chakuti banja laimirira, kenako wailesi, kenako malata. Pa njala ya 2002 ndi ya 2005, chimanga cha ku Milange chinapulumutsa mabanja ambiri a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ndipo anthu a kumeneko ankabwera kudzagwira ganyu m'minda ya anthu omwe aja anali pamzere wa ufa wa pakhadi zaka khumi zapitazo. Amene anatidyetsa tinawadyetsanso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, akulu sananame.

Panalinso zowawa. Kutsidya ana anzathu ankatitchula othawa. Titafika kwathu, amene anatsala ankatitchula Amalawi, ndipo ena ankati, "Inu munkadya ufa waulere ife tikugona m'tchire." Mwana wa zaka 8 alibe choyankha pa mawu otere.

Nanga sukulu inalipo?

Inalipo, pansi pa mtengo. M'dziko lonse nkhondo inawononga kapena kutseketsa masukulu a pulayimale oposa theka, ndipo Zambezia inali pakati pa zigawo zopwetekeka kwambiri. Aliyense ankanyamula njerwa yake yokhalira kuchokera m'mabwinja. M'kalasi imodzi munkakhala mwana wa zaka 7 ndi mnyamata wa zaka 17 amene nkhondo inamudyera zaka za sukulu. Ena ankalowa m'mawa, ena masana, mphunzitsi ali yemweyo.

Chovuta chachikulu chinali chinenero. Maphunziro onse anali m'Chipwitikizi, ndipo amene anaphunzirako m'masukulu a Malawi anafika akudziwa Chichewa ndi Chingelezi pang'ono, n'kubwezedwa ku kalasi yoyamba. Ukalankhula chinenero cha kwanu m'kalasi unkalandira chikwapu. Ndimawamvetsa aphunzitsi athu, poti nawonso ankagwira ntchito popanda mabuku, malipiro akuchedwa miyezi, koma chikwapu chimenecho chinathamangitsa ana anzeru ambiri. Boma linadzayamba kulola kuphunzitsa m'zinenero za makolo pamodzi ndi Chipwitikizi mu 2003, ife titadutsa kale. Mu 1994 Bakili Muluzi atachotsa fizi ya pulayimale ku Malawi, ana ena a m'mphepete mwa mtsinje ankawoloka m'mawa uliwonse, yunifolomu ili pamutu, ndipo mpaka lero ali ndi maina awiri, la Chipwitikizi ndi la Chingelezi. Atsikana ambiri a msinkhu wanga analekeza kalasi yachitatu kapena yachinayi. Mayi anu anali wanzeru kuposa ine pa masamu, koma ndalama ya makope inkakwanira mwana mmodzi.

Amalume, anthu amene anapha anzawo munkakhala nawo bwanji m'bayiro limodzi?

Apa m'pamene ndimachedwa kuyankha. Tinkakhala nawo, tinkatunga nawo pachitsime chimodzi, tinkanyamula nawo maliro. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inakhululukira milandu yonse ya nkhondo, ndipo Mozambique sinakhale ndi bwalo loululira zoona ngati limene South Africa inakhazikitsa pambuyo pa tsankho. Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anatula mfuti pansi pa ONUMOZ, napatsidwa kandalama kwa zaka ziwiri, makasu ndi mbewu, n'kubwerera kumidzi. Ena anakwatira konkuno osabwereranso kwawo.

Ambiri mwa iwo anatengedwa ali ana. Ena sanagwire mfuti koma anasenzetsedwa katundu mitunda italiitali, ntchito yokakamiza imene inkatchedwa gandira, ndipo atsikana anabwerako ndi ana amene bambo awo satchulidwa. Mnyamata wotere akafika, sankalowa m'nyumba tsiku lomwelo. Ankapita naye kumtsinje, sing'anga n'kumusambitsa mankhwala, zovala za kunkhondo n'kuzitentha, kuti mizimu ya amene anafera m'manja mwake isalowe naye pakhomo. A mpingo ankachita zawo ndi mapemphero. Akatero nkhani yatha, ndipo palibe ankaloledwa kumufunsa kapena kumuloza chala. Kwa amene sanabwerere, mabanja ankadikira chaka, zaka ziwiri, kenako n'kuphika sadaka popanda mtembo. Zithunzi za ana osochera, zimene mabungwe monga Save the Children ankajambula, zinkamatidwa pamakoma, ndipo amayi ankaima pamenepo akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Lipoti la Graça Machel la 1996 lonena za ana m'nkhondo, limene dziko lonse lapansi linawerenga, linkanena za anthu ngati amenewa.

Mantha a akulu tinawaona bwino pa chisankho cha pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994. Anthu anali atamva pawailesi kuti ku Angola nkhondo inayambiranso pambuyo pa chisankho cha 1992. Mayi anamanga mtolo n'kuuika kuseri kwa chitseko, ndipo mabanja ena anatumiziratu ana kutsidya. Dhlakama atalengeza kuti akutuluka m'chisankho, usiku umenewo palibe wamkulu anagona, mpaka zitamveka kuti wabwereramo ndipo kuvota kwawonjezeredwa tsiku. Chissano anapambana m'dziko, Renamo inapeza mavoti ambiri ku Zambezia, ndipo mfuti sizinalire. Mtolo uja unakhala kuseri kwa chitseko miyezi ina ingapo.

Maganizo anga ndi awa. Kukhala chete kuja kunatipulumutsa, chifukwa anthu akanayamba kuwerengerana milandu mu 1993 palibe mudzi ukanaima. Koma kunali ndi mtengo wake, ndipo anaulipira kwambiri ndi amayi amene ankakumana tsiku ndi tsiku ndi munthu wodziwa kumene mwana wawo anathera, osaloledwa kufunsa. Ife ana tinalowa mumtendere akulu asanalowemo. Tinkaseka, kuthamanga, kukwera makoma, ndipo ndikukhulupirira kuti phokoso lathulo ndi limene linawathandiza kumasula mitolo.

Amalume, timamva anthu akutchula za Napolo. Zikukhudzana bwanji ndi nkhondo?

Mu Januwale 1998, mvula itagwa mosalekeza, mbali ya phiri la Tumbine inagumuka, miyala, matope ndi mitengo n'kutsikira pa nyumba za anthu. Anafa anthu makumimakumi, ena osapezeka n'komwe. Akulu anati wadutsa Napolo, monga anadutsira ku Phalombe mu Malichi 1991. Koma tonse tinkaona mmene phirilo linalili. Anthu amene anaunjikana pafupi ndi vila pofuna chitetezo, ndi ena obwerera amene analibe malo, anadula mitengo n'kulima m'matsitso momwe kale simunkafika khasu. Nkhondo inali itatha zaka zisanu, koma inatiphabe kudzera m'phiri. Mnzanga amene tinkakhala naye pa njerwa zoyandikana kusukulu anapita usiku umenewo. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, anthu a msinkhu wanga ankangoyang'ana kuphiri.

Kodi ubwana wotere ndi wa kwathu kokha?

Ayi. Ku England, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ana a m'mizinda ngati London, Coventry ndi Liverpool anakulira m'mabwinja a nyumba zophulitsidwa ndi ndege, akusewera momwemo ngati ife, ndipo chakudya chinkagulidwa pakhadi mpaka 1954. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo atakula analemba. Muli mabuku, mafilimu ndi nyumba zosungiramo mbiri zofotokoza msewu umodziumodzi, mpaka masewero a ana ndi mtengo wa buledi. Za Milange zolembedwa zambiri ndi malipoti a mabungwe, owerenga matumba a ufa ndi chiwerengero cha mabomba, m'zinenero zimene eni nkhani sawerenga.

Tsono, amalume, unali ubwana wabwino kapena woipa?

Unali ubwana wa njala, wa mphere ndi matekenya, wa makaka ndi kalongonda m'miyezi yovuta, wa abale osowa. Unalinso ubwana wa ngumbi zoyamba, wa mango osatha, wa kusambira mu Muloza mbali zonse ziwiri popanda wofunsa chiphaso, wa bayiro momwe mwana wamasiye ankadya pakhomo lililonse chifukwa khomo lililonse linali litataya wina. Sindingafunire mwana aliyense zimene zinatitsogolera, koma sindilola kuti wina anene kuti tinali ana omvetsa chisoni basi. Tinaona tawuni ikufoleredwa nyumba imodziimodzi, chigayo choyamba chikulira, mkate wa pawu ukuyambanso kununkhira m'mawa, ndipo zimenezo ndi chuma chimene ndimayenda nacho.

Mtendere umenewu si wolimba ngati mwala. Pakati pa 2013 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'zigawo za pakati, anthu a ku Tete n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza, msasa wa Luwani n'kutsegulidwanso. Pangano lina linasainidwa mu Ogasiti 2019 ndi Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade. Nthawi zonse zoterezi zikamveka, agogo anu amayamba kufunsa kumene kuli ana.

Amene anatibereka kumsana powoloka Muloza akutha mmodzimmodzi. Inu muli ndi mafoni ojambula mawu. Pa 4 Okutobala chaka chino, tsiku la mtendere, musangopita kubwalo kukaonera magule. Kakhaleni pamphasa ndi agogo anu, muwafunse njira imene anadzera, dzina la mudzi umene unawalandira, ndi maina a amene sanabwerere. Akakana kuyankha musawakakamize. Akayamba kulankhula, jambulani m'chinenero chawo chomwecho, ndipo musunge.